Mudzi Umene Udakana Yezu Sudapse

Lero tikulankhula tili kuno ku Mwanza, pa khomo limene dziko lathu limatulukira popita ku Tete, ku Harare mpaka ku Joni. Tikupereka moni mwapadera kwa inu oyendetsa malole amene mwagona pa malire kudikira kuti makalata a katundu atuluke, kwa inu amai amene mwalawirira kukayala malonda m'mbali mwa mseu, ndiponso kwa inu odwala amene simunathe kufika ku tchalitchi. Tikudziwa kuti ena mwa omvera athu ndinu Asilamu. Chonde musatseke wailesi, pakuti nkhani ya lero ikukhudzani inunso, ndipo sitifuna kunena za inu kumbali ngati anthu a miseche.

Mthenga Wabwino wa lero tauwerenga m'buku la Luka Woyera, mutu 9, ndime 51 mpaka 56. Ambuye Yezu ali pa ulendo wao wotsiriza wa ku Yerusalemu. Njira yachidule yochokera ku Galileya inkadutsa m'dziko la Samariya, tsono Ambuye adatuma amithenga patsogolo kuti akawapezere malo m'mudzi wina. Eni mudziwo, atamva kumene alendowo ankapita, adawakana. Chifukwa chake chinali chipembedzo. Asamariya ankati malo opembedzerapo Mulungu ndi phiri la Gerizimu. Ayuda ankati ndi ku Yerusalemu. Onsewo ankatchula Yakobe kuti kholo lao, onsewo ankawerenga mabuku asanu a Mose, komabe sankamwera m'chikho chimodzi. Paja mkangano wa pachibale ndiwo umakhalitsa, chifukwa aliyense amadziwa bwino pamene pali chilonda cha mnzake.

Yakobe ndi Yohane, ana a Zebedeo aja amene Ambuye adawapatsa dzina la ana a bingu, mitima idawapsa. Adapempha chilolezo choti aitane moto kumwamba kuti unyeketse mudzi wonsewo. Tisafulumire kuwaseka atumwi awiriwa. Ankawakonda Ambuye, ndipo chipongwe chimene Mphunzitsi wao adachitiridwa chidawalasa pamtima. Malembo ankawadziwanso: mneneri Eliya adaitanapo moto m'dziko lomwelo la Samariya. Chikondi adali nacho, changu adali nacho, ndime yoikira kumbuyo maganizo ao adali nayo. Koma Luka akutiuza kuti Yezu adacheuka nawadzudzula iwowo. Mudzi wowakana uja sadaudzudzule ngakhale ndi liu limodzi. Adangonyamuka kunka ku mudzi wina, ndipo ana a m'mudzi wa Asamariyawo adagona tulo usiku umenewo osadziwa kuti masana ake anthu awiri oyera adapempha kuti iwo apse.

Taonani tsono zimene zikutsatira. M'mutu 10, Ambuye pofuna kuphunzitsa katswiri wa malamulo tanthauzo la kukonda mnzako, munthu wachifundo wa m'fanizo lao adamsankha pakati pa mtundu womwewo umene udawakana. M'mutu 17, akuyenda m'malire a Samariya ndi Galileya, adachiritsa akhate khumi, ndipo amene adabwerera kudzathokoza anali Msamariya. M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 8, tikumva kuti Yohane yemwe uja adatumidwa ku Samariya pamodzi ndi Petro, kukasanjika manja pa anthu kuti alandire Mzimu Woyera. Moto uja ukadagwa tsiku lija, kodi manjawo akadakawasanjika pa yani?

Ife a ku Mwanza timakhala m'malire ngati amenewo. Pa mseu umene umafika ku Zobue pamadutsa anthu a zinenero zambiri ndi a mapemphero osiyanasiyana. Dalaivala wina amapachika kolona pa galasi la kutsogolo. Wina nthawi ikakwana amatsika, nasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, nayala mkeka wake pa mthunzi wa lole lake nkuwerama. Nyengo ya manachesi ikafika, mai wogulitsa safunsa wogula kuti amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Lole likagubuduzika pa chitunda, othamangira kukatulutsa wovulala safunsa dzina lake. Pa zimenezi anthu athu ndi aphunzitsi abwino kuposa mabuku ambiri.

Vuto limayamba pamene munthuyo wachoka, ife nkutsala tokhatokha. Pamenepo mumamva Mkristu akunena kuti Asilamu ndi anthu ankhondo, kuti adabweretsa ukapolo, kuti akufuna kuligulitsa dziko lino kwa Aluya. Kwinaku, tikhulupirira, Msilamu wina amanena kuti Akristu amapembedza milungu itatu, amagwadira zosema, ndipo sukulu zao ndi misampha yokolera ana. Mau otere sadachokere m'mwamba. Ali ndi mizu yake m'mbiri, ndipo nchifukwa chake safa msanga. Nzoona kuti Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mafumu ena monga Makanjira, amene adalandira Chisilamu, ankagulitsa anthu. Koma nzoonanso kuti kutsidya kwa malire, m'chigwa cha Zambezi, azungu a Chipwitikizi obatizidwa bwinobwino ankachita malonda omwewo ndi asilikali ao Achikunda. Nzoona kuti m'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za amishoni, kotero kuti makolo ambiri a Chisilamu adasunga ana ao pakhomo poopa kuti akabwerako ndi dzina lina ndi chikhulupiriro china. Ndipo kutsalira pa maphunziro kumeneko kudawapweteka kwa zaka zambiri. Aliyense amakumbukira bala limene adalandira. Limene adapereka amaliiwala.

Nanga za mantha aja akuti dziko likutembenuzidwa? Akuluakulu mukukumbukira manong'onong'o a mu 1994, pamene a Bakili Muluzi, amene ndi Msilamu, adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko. Adalamulira zaka khumi. Kalembera wa 1998 adapeza kuti Asilamu anali 12.8 mwa anthu 100 alionse. Wa 2018 adapeza 13.8, pamene Akristu a mipingo yonse anali oposa 77. Matchalitchi sadatsekedwe, mabelu sadaleke kulira. Mantha aja adatidyera tulo pachabe.

Komatu mau opanda pake amabala zinthu zenizeni. Chitachitika chisankho cha mu June 1999, mizikiti idatenthedwa m'madera ena a chigawo cha kumpoto, ngati kuti nyumba yopemphereramo ndiyo idaponya voti. Mu June 2003, boma litagwira alendo asanu oganiziridwa za uchigawenga nkuwatulutsa m'dziko, anthu okwiya ku Mangochi adaononga matchalitchi, ngati kuti Akristu a ku Mangochi ndiwo adalamula zimenezo. Mu November 2019, kwa M'manga m'boma la Balaka, mkangano wa mpango wa hijabu wa atsikana a sukulu udafika poti anthu kuvulazana ndi nyumba kuonongeka. Nkhani imeneyi idadzatha pokhala pansi: mu 2021, atsogoleri a mbali zonse, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, adasainirana pangano lolola atsikana a Chisilamu kuvala mpango wogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Chimene adagwirizana pambuyo pa miyala akadatha kuchigwirizana miyala isanauluke. Ndipo m'malo onsewa, lisanatole mwala dzanja, lilime lidayamba lagwira ntchito yake kwa miyezi ndi zaka. Si pachabe Yakobe Woyera m'kalata yake amafanizira lilime ndi kamoto kakang'ono kamene kamatentha nkhalango yonse.

Pamenepa wina anganene kuti: ngati nkhani za chipembedzo zili zoopsa chotere, bwanji boma lingotseka pakamwa pa onse? Aliyense azipemphera m'nyumba mwake, asanene kanthu za chikhulupiriro chake pabwalo, ndipo tidzakhala pa mtendere. Maganizo amenewa amamveka anzeru, koma ife a boma lino la Mwanza tili ndi chifukwa chathu chowaopera. Pa mseu wa ku Thambani pali chipilala cha chikumbutso. Usiku wa pa 18 May 1983, adafera kumeneko a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala, onse atatu nduna za boma, ndi a David Chiwanga, phungu wa Nyumba ya Malamulo. Dziko lidauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Anthu ambiri ankadziwa kuti si zoona, koma panalibe wotsekula pakamwa. Ngakhale kulira maliro poyera kunali koopsa. Padapita zaka khumi ndi chimodzi kuti bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza milandu a Mtegha, likhazikitsidwe mu 1994, ndipo lidapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Amene adazengedwa mlandu wolamula imfazo bwalo lidawamasula mu December 1995. M'zaka zonsezo dziko linali chete, zii, ndipo alendo ankatitamanda kuti ndife anthu amtendere. Mabanja anai aja ndiwo angatiuze kuti bata limenelo linkalemera bwanji.

Boma limene laphunzira kutseka pakamwa silisankha pakamwa pa yani. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Mu 1972 zikwi zambiri za iwo adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique, atatenthedwa nyumba ndi kumenyedwa. Chiletso chao chidachotsedwa mu August 1993. Ife Akatolika timasiyana nao pa ziphunzitso zambiri, koma chikwapu chimene chidawakwapula iwo chidadzafika ndi kwa ife. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Aepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi onse, yonena za umphawi, za kumanga anthu popanda mlandu, ndi za kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma lidati kalatayo ndi youkira. Aepiskopi adaitanidwa ku polisi. Nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka idayatsidwa moto. Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono kumbukirani amene adaima nafe. Pamene Public Affairs Committee inkakhazikitsidwa chaka chomwecho cha 1992 kuti ikambirane ndi boma, pa mpando womwewo ndi Akatolika, a CCAP ndi a Anglican padakhalanso a Muslim Association of Malawi. Referendamu ya pa 14 June 1993 tidaipeza pamodzi. Malamulo aakulu a dziko lino, m'ndime 33, amateteza ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo. M'ndime 35, ufulu wolankhula. Ndime ziwirizi zidabadwa tsiku limodzi ngati mapasa, ndipo Mkristu amene afuna kuti Msilamu alandidwe imodzi mwa izo akudula nthambi imene iye mwini wakhalapo.

Tiyese maganizo athu pa nkhani ina yaposachedwa. Mu 2020, a Islamic Information Bureau adakweza chikwangwani mumzinda wa Blantyre choitana anthu amene adawerenga Chipangano Chakale ndi Chatsopano kuti awerengenso Korani, imene pa chikwangwanipo idatchulidwa ngati chipangano chotsiriza. Akristu ambiri adakhumudwa, a Evangelical Association of Malawi adapempha kuti chichotsedwe, ndipo padabuka mkangano umene udafuna kuti atsogoleri akhalirane pansi. Kodi mau a pa chikwangwanicho ife timawavomereza? Ai ndithu. Ife timakhulupirira kuti Mulungu adalankhula mau ake otsiriza mwa Mwana wake, ndipo palibe china chodzaonjezera pamenepo. Koma tifunsane moona mtima: chikwangwanicho chidanena chiyani choposa chimene Msilamu aliyense amakhulupirira? Nafenso timalemba pa makoma, pa mabasi ndi pa nsalu zathu kuti Yezu ndiye Mpulumutsi yekha, mau amene Msilamu sawavomereza, ndipo timayembekeza kuti adutse osang'amba. M'maganizo athu, yankho la Mkristu pa chikwangwani chotere nkutsekula Baibulo ndi ana ake madzulo, nkuwafotokozera chifukwa chimene ife timaimira pamene timaimapo. Chikhulupiriro chimene chingagwe chifukwa cha chitsulo chopakidwa utoto m'mbali mwa mseu, chinali chodwala kale.

Musatimve ngati tikunena kuti zipembedzo zonse nzofanana. Kunena zimenezo nkunyoza Msilamu ndi Mkristu yemwe. Ife timavomereza Mulungu mmodzi mwa Atatu, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera, Asilamu amakana. Ife timati Yezu adafa pa mtanda nauka tsiku lachitatu. Iwo amamlemekeza ngati mneneri wamkulu, koma amati sadapachikidwe. Kusiyana kumeneku nkwakukulu, ndipo tili ndi ufulu, ngakhalenso udindo, wokunena poyera. Chimene tilibe ndi ufulu wa pamaso pa Mulungu wonamizira mnzathu. Lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama, silidapatule anthu a chipembedzo china. Mlaliki amene waima ndi chimkuzamau pa msika kapena m'basi, nayamba kutukwana Muhammad amene anzathu amamkonda kuposa makolo ao, sakulalika Kristu. Akungodzikweza yekha, ndipo palibe Msilamu adatembenukapo chifukwa chotukwanidwa. Chimodzimodzi shehe amene amasandutsa mtanda wathu choseketsa anthu. Masiku ano chimkuzamau chili m'thumba la aliyense. Kanema wa pa WhatsApp wojambulidwa kudziko lina, chaka chosadziwika, amafika pa foni yanu, inu nkumutumiza ku gulu la limana kapena la kwaya musanadye nkomwe nsima ya masana. Musanatumize, tadzifunsani funso limodzi: mnansi wanga wa Chisilamu atawerenga zimenezi, kodi angazindikiremo chipembedzo chake, kapena aona chilombo chimene ena amuumbira? Ife oyenda m'njira timaudziwa mwambi uja wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Zimene tikunenazi si nzeru za wansembe mmodzi. Pa 28 October 1965, Msonkhano Wachiwiri wa Aepiskopi onse ku Vatican udatulutsa chikalata chotchedwa Nostra Aetate, chophunzitsa kuti Eklezia amayang'ana Asilamu mwaulemu, popeza amapembedza Mulungu mmodzi, Mlengi ndi wachifundo, amayembekeza tsiku la chiweruzo, ndipo amalimbikira kupemphera, kusala zakudya ndi kuthandiza osauka. Pa 7 December chaka chomwecho padatuluka chikalata china chonena kuti munthu asakakamizidwe pa za chipembedzo, ngakhale ndi boma. Papa John Paul II, amene adatiyendera kuno ku Malawi mu May 1989, adalankhula kwa achinyamata a Chisilamu ku Casablanca mu 1985, ndipo mu 2001 adalowa mu mzikiti waukulu wa ku Damascus. Mwina amai a Legio simudziwa kuti m'Korani muli mutu wathunthu, wa 19, wotchedwa ndi dzina la Maria, ndipo ndiye mkazi yekhayo amene bukulo limamtchula dzina.

Asilamu eni ake amasunga mbiri ina imene ife a ku Mwanza tingaimvetse msanga. Cha m'ma 615, otsatira oyamba a Muhammad atazunzidwa ku Mecca, adaoloka nyanja kuthawira kwa mfumu yachikristu ya ku Ethiopia. Adani ao adatumiza mphatso kuti mfumuyo iwabweze, koma itamva zimene othawawo ankanena za Maria ndi Mwana wake, idakana kuwapereka. Ifenso tidalandirapo othawa. M'nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino lidasunga anthu oposa miliyoni imodzi, mpaka pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Mu 2016 anthu oposa 10,000 ochokera m'chigawo cha Tete adadzaza mudzi wa Kapise m'boma lino, asanasamutsidwire ku Luwani. Amene adawapatsa madzi ndi malo omangapo zisakasa sadayambe awafunsa kalata ya ubatizo.

Tikudziwa kuti wina kunyumbako akupukusa mutu, akuti: abambo, mukubisa za ku Cabo Delgado. Sitikubisa. Kuyambira October 2017, pamene zigawenga zidaukira tauni ya Mocímboa da Praia, anthu zikwi zambiri aphedwa kumpoto kwa Mozambique ndi magulu amene amatchula dzina la Chisilamu. Pa 6 September 2022 adapha Sisitere Maria De Coppi wa chipani cha Comboni pa mishoni ya Chipene, mai wokalamba amene adatumikira dzikolo zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Zimenezi nzoipa, ndipo tiyenera kuzitchula ndi dzina lake. Tiyembekezanso kuti atsogoleri a Chisilamu azidzudzula mokweza, monga ambiri achitira. Koma mwa othawa ndi ophedwa a m'mbali mwa nyanjayo, ochuluka ndi Asilamu, asodzi ndi alimi amene adakana kutsata zigawengazo. Mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ngwoona m'dengu la usipa; pa anthu ndi bodza. Tikadauvomereza, nafenso tikadayankha mlandu wa Akristu obatizidwa amene adapha anzao m'matchalitchi a ku Rwanda mu 1994.

Inu madalaivala amene mukudikira pa chipata, nkhani yotsirizayi ndi ya mnzanu wa ntchito. M'zaka za m'ma 1990 dziko la Algeria linali pa nkhondo ya pachiweniweni. Episkopi wa mzinda wa Oran, Ambuye Pierre Claverie, anali munthu wosabisa mau: ankadzudzula poyera opha anthu m'dzina la Mulungu, ndipo adakana kuchoka m'dzikomo ngakhale ankadziwa kuti akumsaka. Mnyamata wina wa Chisilamu wa zaka 21, dzina lake Mohamed Bouchikhi, ankamuyendetsa pa galimoto, akudziwa bwino kuopsa kwake. Usiku wa pa 1 August 1996 adakamtenga ku bwalo la ndege. Pamene ankalowa pakhomo la nyumba ya episkopi, bomba lidaphulika, ndipo onse awiri adafera pomwepo. Pa 8 December 2018, mumzinda womwewo wa Oran, Eklezia adalengeza Ambuye Claverie ndi anzao 18 kuti ndi Odala. Pa mwambowo padali mashehe atakhala pamodzi ndi Aepiskopi, ndipo adakumbukiranso atsogoleri a mizikiti oposa 100 amene adaphedwa m'nkhondo yomweyo chifukwa chokana kudalitsa zachiwawa. Pa chithunzi chimene chidajambulidwira tsikulo, pafupi ndi Odala 19 aja, wojambula adaikaponso Mohamed.